Mtengo wa Njinga

Ndaitsamiritsa pakhoma la njerwa kuseri kwa nyumba,
pakati pa mabini awiri, kuno ku Doncaster.
Ndaipukuta ndi sokosi yakale
mpaka matope a zaka zitatu agonja.
Ndajambula kanayi, ikuwala ngati mkwatibwi.
Chithunzi chachisanu ndi cha dzimbiri
limene ladya kunsi kwa chishalo.
Chala changa chaima pamenepo.

Foni ikufunsa mtengo.
Kabokosi koyera kali kukamwa yasa, kudikira nambala.

Pali zimene foni sidziwa.
Njinga iyi inkandinyamula folo koloko m'mawa,
mvula ikundilasa m'maso,
kupita kokanyamula makatoni a anthu ogona.
Inalipira fizi ya Ulemu mpaka fomu folo.
Malata a nyumba ya ku Lunzu
anakwera padenga kudzera pa mapedulo awa.
Koma thukuta silituluka pachithunzi.
Wogula akugula matayala awiri, tcheni,
buleki yolira ngati mwanapiye,
ndi giya lachitatu limene limadumpha pachitunda.

Esinta wangofika kuchokera kosamalira okalamba,
mapazi ali m'beseni la madzi otentha.
"Lembani eyite," akutero, "adzatsitsa okha.
Mukuganiza kuti azungu sanenerera?"

Ndikanalemba.
Koma ndakumbukira hita ija,
chaka chimene ndinafika, mu Disembala.
"Ili ngati yatsopano," anatero mwini wake,
akundiseka ndi mano onse pakhomo pake ku Rotherham.
Inatentha usiku umodzi.
Usiku wachiwiri ndinagona ndi jekete, nsapato kuphazi,
nambala yake itazima ngati hita yakeyo.
Mapaundi sate aja sandipwetekanso,
chimandipweteka n'chakuti ndinamuthokoza kawiri.

Ndayendera mitengo ya anzanga.
Wina akufuna nainte pa njinga yopanda pedulo.
Wina twente yokha, yonyezimira,
yotero mwini wake akuifunafuna pena pake.
Yanga ndinagula handiredi, ili kale yachikale.

Ndalemba fifite faifi.
Pansi pake: giya lachitatu limadumpha,
tayala lakumbuyo ndinamata kawiri.
Dzimbiri lija ndaliika patsogolo,
likhale loyamba kupereka moni.

Mauthenga ayamba kugwa.
"Ilipobe?" Ilipo. Kenaka zii.
Wina: "Teni, ndibwera pompano,"
ngati akundichotsera maliro pakhomo.
Wina akufuna tisinthane ndi makina otchetchera kapinga,
ine amene bwalo langa ndi simenti yokhayokha.

Lachinayi madzulo wafika Tesfay,
pa basi, ndi kajekete kosadziwa nyengo ya kuno.
Lolemba akuyamba ntchito ya usiku
kutsidya kwa njanji, komwe basi sifika.
Wagwada, wazunguza pedulo ndi dzanja,
khutu pa tcheni ngati dokotala pachifuwa.
Wakwera, wafika pakona, wabwerera.
"Lachitatu," watero.
Wayang'ana pafoni pake, wayang'ana ine.
"Munalemba."

Sananenerere.
Wawerenga mapepala, kenaka wakhuthula thumba,
timakobidi tofunda, kamodzikamodzi,
mpaka takwana m'dzanja langa.
Ndalandira zonse, sindinachite manyazi,
mtengo woona suweramitsa mutu.

Koma nditaona kuti kunja kwada kale,
ndalowa m'nyumba, ndatenga nyale ziwiri ndi loko,
zimene pachithunzi panalibe.
"Pachitunda cha ku Balby uzikhala pa lachiwiri.
Lachitatu lidzakugwetsa."

Esinta wafunsa ali kukhitchini:
"Mwalandira zingati?"
Ndamuuza.
"Nanga loko ili kuti? Ija inali twente payokha."
Sindinayankhe. Ndatuluka kukatseka geti.
Pakhoma patsala kamzere
pomwe handulo inkatsamira,
ndi kadontho ka oyilo pansi
kamene mvula ya usiku uno siikachotsa.